"About to", "going to" kapena "will": tinene bwanji kuti chinthu chatsala pang'ono kuchitika?

Kalaliki wa ku Limbe:
Odi akuluakulu apagulu pano, ndithandizeni chonde. Dzulo abwana anandifunsa pa imelo za lipoti la mwezi uno, ine n'kuyankha kuti "I am about to submit it next week." Iwo anandibwezera funso lakuti, kodi ndi lero kapena sabata yamawa? Ine mumtima ndimafuna kunena kuti lipotilo latsala pang'ono kutha, ndidzapereka sabata yamawa. Ndalakwitsa pati? Zandikhudza chifukwa aka si koyamba kundikonza pa mawu omwewa, ndipo ndimachita manyazi kuwafunsa.

Aphunzitsi opuma a ku Zomba:
Mwachita bwino kufunsa mwana wanga, safunsa anadya phula. Vuto lili pa kuphatikiza mawu awiri amene sayendera limodzi. "About to" ndi wa chinthu chimene chili pamphuno penipeni. Taganizani mkaka uli pamoto, wayamba kale kutukumuka, ndipo mukangocheuka utayika. Pamenepo ndiye pa "about to". Tsono inu mwanena kuti mkaka ukutukumuka, kenako n'kuwonjezera kuti udzatayika sabata yamawa. Ndiye chifukwa chake abwana anu asokonezeka.

Lamulo lake ndi losavuta: "about to" safuna kumuikira tsiku kapena ola kutsogolo kwake. Musanene "about to leave tomorrow", musanene "about to start at 3". Iye yekha ananyamula kale nthawi yake.

Mukanalemba kuti "It is almost ready. I will submit it next week." Kapena ngati tsikulo munagwirizana kale, "I am submitting it on Monday."

Kalaliki wa ku Limbe:
Zikomo aphunzitsi. Koma chomwe chimandivuta n'chakuti m'Chichewa ndikhoza kunena kuti "mayeso atsala pang'ono" ngakhale kutatsala mwezi wathunthu. Ndiye m'Chingerezi sizitheka?

Aphunzitsi opuma a ku Zomba:
Zimatheka pa zinthu zikuluzikulu. Munthu akhoza kunena "She is about to retire" kutatsala miyezi iwiri, chifukwa poyerekeza ndi zaka 30 zimene wagwira ntchito, miyezi iwiri ndi kuphethira kwa diso. Kufupika kwake kumayezedwa ndi kukula kwa chinthucho. Koma ngakhale pamenepo simutchula tsiku. Mukangofuna kutchula tsiku, msiyeni "about to" mutenge mawu ena.

Wa Fomu 4:
Aphunzitsi, ine pamene ndimagwa ndi pa "will" ndi "going to". M'kalasi anatiuza kuti "going to" ndi wa pafupi, "will" ndi wa kutali. Ndi zoona?

Aphunzitsi opuma a ku Zomba:
Ayi, ndipo ndakondwa kuti mwafunsa musanalowe m'chipinda cha mayeso. Ndinakhala zaka zambiri ndikuchotsa ganizo limeneli m'mitu ya ana, ndipo ndikudziwa kumene limachokera. Limachokera m'chilankhulo chathu chomwe.

Chichewa chimayeza mtunda wa nthawi m'kati mwa mneni. Ndikati "ndibwera", mundiyembekeze lero lomwe. Ndikati "ndidzabwera", kamawu kaja ka -dza- kakankhira ulendowo mawa kapena mtsogolo. Mwana wa zaka zinayi amadziwa kusiyana kumeneku popanda womuphunzitsa. Tsono tikafika pa Chingerezi timayamba kufunafuna kuti -dza- wawo ali kuti, ndipo timamupachika pa "will". Koma Chingerezi chilibe -dza-. Munthu akhoza kunena "I'll call you in two minutes" komanso "I am going to build a house in ten years' time." Mwaona? "Will" wagwira mphindi ziwiri, "going to" wagwira zaka khumi.

Mngerezi posankha mawu safunsa kuti ndi pafupi kapena kutali. Amafunsa kuti ndadziwa bwanji kuti zichitika.

Ngati maganizo akubwerera pomwepo mukulankhula, ndi "will". Foni yalira, inu n'kunena "I'll answer it." Simunakonzekere, mwangoganiza pomwepo. Lonjezo nalonso ndi "will".

Ngati munaganiza kale musanatsegule pakamwa, ndi "going to". "I am going to study nursing." Maganizowo mwakhala nawo.

Ngati maso anu akuona umboni, ndi "going to" yemweyo. Kunja kwada, mitambo yakuta phiri, mphepo yanunkha chinyezi: "It is going to rain." Ndipo madontho oyamba akangotsala pang'ono kugunda malata, "It is about to rain."

Mayi a ku Chipata:
Ine kumudzi kwathu timati "mvula ifuna kugwa". Mwana wanga analemba mu kompozishoni kuti "The rain wants to fall" ndipo anamudula. Anabwera akulira kuti nanga ndalakwa chiyani poti ndi mmene timanenera.

Aphunzitsi opuma a ku Zomba:
Mwanayo sanalakwe kuganiza, mayi. Ife timati khoma likufuna kugwa, galimoto ikufuna kuzima, mwana akufuna kulira. "Kufuna" kwathuko ndiye "about to" wathu. Koma "want" wa Chingerezi amafuna mtima, ndipo khoma lilibe mtima. Mumuuze kuti paliponse pamene chinthu chopanda moyo "chikufuna" kuchita kanthu, alembe "is about to" kapena "is going to". Mumuuzenso kuti Angerezi nawo anachita zofanana: "going to" poyamba anali kuyenda kwenikweni ndi miyendo, kupita kukachita chinthu, monga ife timanenera kuti "ndikagula mchere". M'kupita kwa nthawi kuyendako kunafufutika, kunangotsala tanthauzo la mtsogolo. N'chifukwa chake lero akhoza kunena "I am going to stay here" munthu ali chikhalire.

Wa ku Joni:
Achimwene ndi achemwali, zonsezi ndi za m'buku ndipo ndi zabwino, koma amene akuganiza zobwera kuno amve izi. Kuno kuli mawu atatu: "now", "now now" ndi "just now". Onse atatu sakutanthauza pompano.

Nditangofika ndinapeza ganyu ya m'munda pa nyumba ina. Nditamaliza, mayi a panyumbapo anati "I'll pay you just now." Ine ndinaima pageti ndikudziwa kuti alowa n'kutuluka ndi ndalama. Ndinaima pafupifupi maola awiri, dzuwa n'kulowa, ndilibe ya basi. Mumtima ndinati andibera. Mnzanga wina wa ku Mzimba amene anakhalitsa kuno ndiye anadzandimasulira kuti "just now" wa kuno ndi nthawi ina iliyonse, mwina madzulo, mwina mawa. Ndalama anandipatsa ndithu m'mawa mwake, koma usiku umenewo ndinayenda wapansi.

"Now now" ndiye wofulumirirako, ngati kunena kuti ndikangomaliza ichi. Mukafuna pompano weniweni muziti "right now". Akuti mawuwa anachokera ku Afrikaans, kumene amati "netnou" ndi "nou-nou".

Dalaivala wa mathiraki:
Zoona zimenezo achimwene. Ine ndimayenda njira ya Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge. Munthu wokonza mapepala akakuuzani kuti "now now", phikani nsima mudye. Akati "just now", yalani bulangete. Ndinaphunzira kufunsa kuti "What time exactly?" Osachita manyazi. Ola lenileni silinama ngati mawu enawa.

Namwino wa ku Leeds:
Achimwene a ku Joni, kuno ku England "just now" ndi wa m'mbuyo! Wodwala akati "The doctor was here just now" ndiye kuti adokotala angochoka kumene. Mawu omwewo, wina akuyang'ana kutsogolo, wina kumbuyo.

Ine chimene chinandivuta ndi "I'm coming". Kwathu ukamatuluka m'nyumba umati "ndikubwera", aliyense amamva kuti ukupita koma suchedwa. Sabata yanga yoyamba m'wodi, agogo ena anandipempha madzi, ine ndikutembenuka kulunjika kukhomo n'kuwauza kuti "I'm coming." Anandiyang'ana modabwa n'kunena kuti, koma ukupita. Kwa iwo "I'm coming" amanena munthu amene ali uko, akuyandikira kuno. Ukamachoka umati "I'll be right back" kapena "I won't be long" kapena "I'll be back in a minute."

Ndinali nditakhoza mayeso a Chingerezi a IELTS, koma izi sizinali pa pepala lililonse.

Mphunzitsi wa pulayimale, Kasungu:
Ine apa ndiye ndikutsutsako pang'ono. Chifukwa chiyani "I'm coming" akhale wolakwika pamene "now now" wa ku South Africa tikumulemekeza kuti ndi Chingerezi cha kumeneko? Ku Malawi, ku Zambia, ngakhale ku Nigeria ndi ku Ghana anthu amanena "I'm coming" akutuluka, ndipo amamvana bwinobwino. Anthu mamiliyoni akamanena chinthu n'kumamvana, chimenecho ndi chilankhulo. Tisamadzinyoze. Ana athu amaopa kutsegula pakamwa chifukwa chowadula pa chilichonse.

Namwino wa ku Leeds:
Sindikukana aphunzitsi. Ndikabwera ku tchuthi ndimanena "I'm coming" ndikutuluka, ndipo sindipepesa kwa aliyense. Koma agogo aja anali ndi ludzu ndipo sanadziwe ngati madziwo abwera. Pantchito yanga mawu akasokonekera amavutika ndi wodwala. Ndikaona munthu wasintha nkhope, thukuta lili kamukamu, ndikufuula kuti "He's about to collapse", anzanga amasiya zonse n'kuthamanga. Nditati "He will collapse" angandifunse kuti liti, wadziwa bwanji? Masekondi amenewo ndi ambiri.

Mphunzitsi wa pulayimale, Kasungu:
Pamenepo ndavomereza. Changa n'chakuti powaphunzitsa ana tiziwauza kuti ichi ndi cha kwathu, ichi ndi cha pa mayeso ndi kunja, osati kuwauza kuti cha kwathucho ndi umbuli.

Aphunzitsi opuma a ku Zomba:
Nonse awiri mukunena zoona, ndipo mnzanga wa ku Kasungu wakhudza bala lenileni. Ine ndinadulapo ana ambiri ndi cholembera chofiira osawafotokozera kuti cholakwacho chikuchokera pa nzeru ya chilankhulo chawo. Ndimamva nazo chisoni. Koma mwana wa Fomu 4 uyu akudikira mayeso a MANEB, ndipo tonse tikudziwa kuti munthu akalephera Chingerezi satifiketi ya MSCE saiona, ngakhale atakhoza bwanji masamu. Ndiye timupatse zonse ziwiri, adziwe posinthira.

Wa Fomu 4:
Zikomo kwambiri. Funso lina. Pa pepala lakale ndinapeza lakuti "She was on the point of ____ when the phone rang", mayankho ake "leave", "to leave", "leaving". Ine ndinasankha "to leave" poganizira "about to leave". Ndinalakwa.

Aphunzitsi opuma a ku Zomba:
Yankho ndi "leaving". Yang'anani mawu omalizira. "About to" amathera pa "to", ndiye mneni amabwera wosavala kanthu: "about to leave". Koma "on the point of" ndi "on the verge of" amathera pa "of", ndipo pambuyo pa "of" mneni amavala -ing: "on the point of leaving", "on the verge of crying". Mukhozanso kuikapo dzina: "on the verge of tears", "on the verge of collapse".

Matanthauzo ake ndi oyandikana koma kulemera kwake kumasiyana. "Verge" ndi m'mphepete, ngati munthu waima pa gombe lakugumuka. N'chifukwa chake amakonda zinthu zazikulu: kugwa kwa kampani, nkhondo, misozi, kapena kupambana kwakukulu. Palinso "on the brink of", amene ndi woopsa kuposa pamenepo. Musalembe kuti "I am on the verge of eating lunch." Nsima si phompho.

Onaninso kuti chiganizo chanucho chili ndi "was". "Was about to" ndi "was on the point of" kawirikawiri amanena za chinthu chimene chinasokonezedwa. "I was about to call you." Ndiye kuti foni inali kale m'manja, inu mwandiyambirira. Ndi chimodzimodzi ndi ife tikamati "ndimati ndizikuimbirani kumene".

Dalaivala wa mathiraki:
Nanga bwana wina anandiuza kuti "I'm not about to pay for that tyre." Ine ndinamva ngati akuti salipira msanga koma adzalipira. Mpaka lero sanalipire.

Aphunzitsi opuma a ku Zomba:
Pepani achimwene, ameneyo anakana. "Not about to" si kuchedwa, ndi kukanitsitsa kwamtuwagalu. Tanthauzo lake ndi lakuti sindingayerekeze n'komwe. Ndi msampha woipa chifukwa munthu umaganiza kuti "not" wangotalikitsa nthawi.

Kalaliki wa ku Limbe:
Ndikuphunzira zambiri. Ndiye m'makalata a kuofesi, "soon" ndi "shortly" amasiyana bwanji? Abwana amakonda kulemba "shortly".

Namwino wa ku Leeds:
Ndiyankheko mmene ndimamvera kuno. "Soon" ndi wotambasuka, akhoza kukhala mphindi zisanu, akhoza kukhala miyezi. Munthu akati "See you soon" sakulonjeza kanthu. "Shortly" ndi wa ulemu ndipo ndi wofupika: "The doctor will see you shortly." Pa siteshoni ya sitima amalengezanso kuti "We will shortly be arriving at Leeds", ndiye kuti yambani kutsitsa zikwama. Anzanga akuntchito polankhula amangoti "in a minute", "in a bit", "in a sec". Chinthu chikamayembekezeka nthawi iliyonse amati "any minute now".

Chenjerani ndi chimodzi achemwali. "Shortly" kawirikawiri satanthauza mwachidule. Ndinamvapo munthu pa msonkhano wa mpingo akuti "I will speak shortly" akufuna kunena kuti sachulutsa gaga m'diwa. Anthu anakhala chete kudikira kuti ayamba liti, chonsecho wayamba kale. Mwachidule ndi "briefly".

Wophunzira wa ku Indiana:
Moni nonse, ndimangowerenga koma apa ndilowepo. Kuno ku America kuli "momentarily". M'ndege amalengeza kuti "We will be landing momentarily", kutanthauza kuti titera posachedwa. Kwa Mngerezi wa ku Britain mawu amenewa amatanthauza kwa kanthawi kochepa, ngati kuti ndege ingogunda pansi n'kuulukanso. "Presently" nayenso ali ndi nkhope ziwiri: m'Chingerezi cha ku England chakale ndi posachedwa, koma kuno ambiri amamugwiritsa ntchito ngati pakadali pano. Ine ndinangowasiya onse awiri. Ndimalemba "soon" kapena "currently", palibe amene amasokonezeka.

Polankhula aliyense kuno amati "gonna", ngakhale mapulofesa. Anthu ochokera kum'mwera amatinso "I'm fixing to go", ndiye kuti ali pafupi kunyamuka, sakukonza chilichonse. Koma mng'ono wanga wa Fomu 4, "gonna" usadzamulembe pa pepala la mayeso.

Wa Fomu 4:
Sindingayerekeze achimwene. Aphunzitsi, lomaliza. "I will tell him when he will come." Mnzanga akuti ndi zolondola chifukwa kubwerako ndi kwa mtsogolo.

Aphunzitsi opuma a ku Zomba:
Mnzanuyo akuganiza m'Chichewa: "ndidzamuuza akadzabwera", -dza- kawiri. M'Chingerezi, pambuyo pa "when", "as soon as", "before", "after", "until" ndi "if", "will" saloledwa ngati chigawocho chikunena nthawi kapena chofunika kuti china chichitike. Muziti "I will tell him when he comes", "I will call you as soon as I arrive." Funso limeneli limabwerabwera m'mapepala, muligwire ndi manja awiri.

Samalani pamodzi pokha. "I don't know when he will come" ndi zolondola, chifukwa apo "when" sakuika nthawi ya chinthu china, akungonyamula funso lakuti abwera liti.

Mukamawerenga nyuzi muzionanso mitu ya nkhani. Amalemba kuti "Minister to open new bridge." Pamenepo adula "is", chiganizo chonse ndi "is to open", mawu a zinthu zokonzedwa ndi akuluakulu. Atolankhani amakondanso "set to". Ndipo pa zinthu za ndandanda pali "due": "The bus is due at 4", "She is due to give birth in May." Ameneyu, mosiyana ndi "about to", amakondwa mukamupatsa tsiku ndi ola. Mwana wanga wa ku Limbe, ameneyu ndiye mnzanu wa kuofesi: "The report is due on Monday."

Mayi a ku Chipata:
Ndiye kondakitala wa minibasi akamakuwa kuti "yonyamuka, yonyamuka, watsala m'modzi", injini ikulira koma m'katimo muli anthu atatu, m'Chingerezi tinene kuti chiyani?

Dalaivala wa mathiraki:
Iye akunena "about to leave", mayi. Inu yang'anani mipando. Ikadzadza mpamene muzinena "It's going to leave", poti aphunzitsi atiuza kuti ameneyo amayendera umboni wa maso.

Aphunzitsi opuma a ku Zomba:
Mwakhoza achimwene. Ndipo basi yaikulu ya tikiti, imene ola lake linalembedwa pakhoma, safuna "will" kapena "going to". Amangoti "The coach leaves at 7."

Namwino wa ku Leeds:
Chimodzi chokha ndisanapite kuntchito. Amene mumalemba malipoti, "imminent" ndi "eminent" ndi mawu awiri. "Imminent" ndi chinthu chimene chili pafupi kuchitika, makamaka choopsa, monga "imminent danger". "Eminent" ndi munthu wotchuka ndi wolemekezeka. Pakamwa pathu amamveka ngati amodzi, ndipo kompyuta siikudulirani mzere chifukwa onse ndi olembedwa bwino.

Kalaliki wa ku Limbe:
Akuluakulu, ndathokoza kuchokera pansi pa mtima. Ndawalemberanso abwana chonchi: "Sorry for the confusion. The report is almost ready and I will send it on Monday morning." Ayankha kuti "Noted, thanks. I will revert shortly with the figures from stores." Ndiye "shortly" ameneyu ndidikire lero lomwe, kapena ndiziweruka?

Namwino wa ku Leeds:
Akanakhala wa kuno ndikanati dikirani theka la ola.

Wa ku Joni:
Afunseni ola, achemwali. Lembani kuti "Should I expect them before 5?"

Kalaliki wa ku Limbe:
Ndafunsa. Akuti mawa 9 koloko.